Botolo la aNdowa

Achimwene anga anakhuthula ndowa zaka makumi atatu ndi ziwiri, mpaka dzina lawo lenileni linafufutika pakamwa pa anthu. Anamwino, ana a mumsewu, ngakhale ogulitsa makala, onse ankangoti aNdowa, ndipo iwo ankavomera mosanyinyirika. Anali munthu wamtali, wofatsa, phewa lakumanja lotsika pang'ono chifukwa cha kunyamula. Manja awo anali otuwa ngati phulusa, ong'aluka m'mphindi zonse ndi mankhwala a klorini. Sindinaonepo manja ena osambidwa kawirikawiri ngati amenewo, koma anthu akamapatsana moni, achimwene ankangowagwedezera mutu chapatali.

Ankagwira ntchito m'wodi ya kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kuseri kwa nyumba yochapiramo, kumene ankagoneka odwala kolera. Mabedi a m'menemo anali oyalidwa pulasitiki, obooka pakati. Pansi pa bowolo pankakhala ndowa, ina pambali pa mutu yolandira masanzi. M'kati mwa ndowa iliyonse munali mizere ya penti yofiira. Ntchito ya achimwene inali kuyang'ana pamene madziwo afika, kuuza namwino, kuthiramo mankhwala, kudikira pang'ono, kukakhuthula kudzenje, kutsuka, n'kubwezera. Basi. Palibe anawalemba ntchito yogwirira odwala kapu. Imeneyo anadzilemba okha.

Chinawayambitsa ndi funso limene linkawasowetsa mtendere. Tsiku lina masana analifunsa kwa bambo wina woyeza magazi ndi chimbudzi, amene anthu ankamutcha aMagalasi. Anamupeza pakhonde la chipinda choyezeramo akudya nthochi.

"Bwana, ndikufunseni. Bambo wa pabedi lachitatu sanamwe kanthu chiyambire dzulo, koma ndakhuthula ndowa zinayi. Madzi onsewa akuchokera kuti? Ali ndi chitsime m'mimba?"

AMagalasi anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anatola kachidutswa ka choko n'kugwada pasimenti. Anajambula msewu, mbali zonse ziwiri n'kundandalika tinyumba togundana.

"Awa ndi matumbo, aNdowa. Mumsewumu ndi modutsa chakudya. Tinyumbati timatchedwa maselo, n'tating'ono zedi moti maso sangatione. Kuseri kwa tinyumbati ndi kumene kuli magazi. Kanyumba kalikonse kali ndi tizitseko, tina tolowetsa, tina totulutsa, ndipo m'katimo muli mlonda wotsegula ndi kutseka."

"Ndiye kachilombo ka matendawa kamathyola chitseko?"

"Ka kamwazi ndiko kambava. Kamathyola, kulowa, kuswana m'menemo, kugumula kanyumbako, n'kusamukira koyandikana nako. N'chifukwa chake mumaona magazi. Koma ka m'wodi mwanumu n'kaulesi. Sikalowa ayi. Kamangomata pakhoma n'kulavula ululu. Ululuwo ndi umene umalowa, n'kukamuledzeretsa mlonda uja. Iye amatsegula chitseko chotulutsira mchere, n'kuiwala kutseka. Mchere wa m'thupi umangokhuthukira mumsewu. Kodi mchere mukausiya m'mbale nthawi ya dzinja umatani?"

"Umachita chinyezi."

"Eya. Kumene kwapita mchere, madzi amalondola. Amachoka m'magazi, amachoka m'minofu, ulendo wa mundowa mwanu. Zimene mukukhuthulazo si madzi amene munthu wamwa ayi. Ndi munthuyo akusungunuka."

Achimwene ankati zimenezo zinawatsegula maso. Zaka zonsezo ankayesa kuti akunyamula nyansi, osadziwa kuti akunyamula anthu.

AMagalasi anajambula kachitseko kena chakumbali. "Koma pali aka, kamene ululu sukakhudza. Kokhako n'konyada. Mchere ukabwera wokha, sikatsegula. Abwere awiri, mchere ndi shuga, atagwirana manja, pamenepo kamatsegula. Akangolowa, madzi amawatsatira kubwerera m'thupi. Pakapita masiku ochepa, tinyumba toledzera tija timagwa, tatsopano n'kumera. Ntchito yathu ndi yongomusunga munthu wamoyo mpaka tsiku limenelo."

Kuyambira pamenepo achimwene anali ndi lamulo lawo limodzi, lakuti chimene chatuluka chibwezedwe. Akaona mzere mundowa, ankadziwa kuchuluka kwa makapu amene munthuyo akufunika. Ankakhala pambali pa bedi, dzanja limodzi kunkhongo kwa wodwala, lina pakapu. "Imwani, bambo, mkwati ndi mkwatibwi alowe m'nyumba," ankatero. Munthu akasanza ankadikira pang'ono n'kuyambanso, kasupuni kasupuni. Nkhani ya tizitseko ankaifotokozera aliyense, ofuna ndi osafuna omwe. Ine anandifotokozera mwina kakhumi, pogwiritsa ntchito mabokosi a machesi.

Mlamu wanga anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, asanayambe sukulu. Achimwene sanakwatirenso. Anamulera okha mwanayo, ine n'kumathandiza za tsitsi ndi zina zachikazi. Ali wamng'ono ankawathamangira akamachokera kuntchito. Atafika sitandade faifi anzake anayamba kugwira mphuno iye akamadutsa, n'kumaimba kuti mwana wa ndowa, mwana wa ndowa. Atasinkhuka, akawaona bambo ake mumsewu ankawolokera tsidya lina, n'kumayang'ana m'mawindo a masitolo. Achimwene ankachita ngati sanamuone, kuti asamuchititse manyazi kawiri.

Anakwatiwa ndi kalaliki wina waulemu wake, mwana wa mayi wamasiye amene anali ndi sitolo ya nsalu. Banjalo linkakhala m'nyumba ya mayiyo, ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, maluwa atandandalikidwa m'miphika kuyambira pageti mpaka pakhonde. Achimwene atapita koyamba kukacheza, asewere awowo anawalandira ndi mano onse panja.

"Asewere, takulandirani! Khalani pompano, m'nyumbamu mukutentha."

Anawaikira kampando pambali pa geti. Tiyi anabwera m'kapu yachitsulo yosupuka, ndipo atamwa, wantchito anaitsuka payokha n'kuipachika pamsomali wa pampanda. Kapu imeneyo inakhala pamsomalipo zaka zinayi. Zaka zonsezo m'nyumbamo munkangotentha, ngakhale m'nyengo yozizira.

Kenako kunabadwa mdzukulu, kamtsikana ka miyendo ngati timitengo, kosakhazikika, moti achimwene anakatcha Katimba. Lamulo linali lakuti asamunyamule. Koma mwana wa zaka zitatu amadziwa lamulo? Akangomva mawu awo ankatulukira ndi liwiro, n'kudziponya pamawondo awo.

"Akazi anga aang'ono, mwandiphikira chiyani lero?"

"Matope!"

"Ndiye ukwati watha. Ndikukasiyani kwanu."

"Kwathu n'konkuno, agogo opusa!"

Akachoka, mwanayo ankasambitsidwa ndi sopo kuyambira kumutu.

Chaka chimene ndikunenachi mipopi inauma kwa sabata ziwiri mvula ili pakati, ndipo anthu, olemera ndi osauka omwe, ankatunga m'zitsime zosaya za kumunsi kwa msewu. Wodi ya achimwene inadzaza mpaka ena kugona pansi. Lachiwiri lina m'mawa ndikusesa pakhomo panga, ndinangoona mwana wa achimwene uja waima, maso ali psuu.

"Azakhali, Katimba watsegula m'mimba chiyambire dzulo madzulo. Zikungotuluka zoyera ngati madzi otsukira mpunga."

"Nanga ukutani kuno? Thamangira naye kuchipatala!"

"Apongozi akukana. Akuti akamugoneka kuwodi ya ababa, ndiye tawuni yonse idzadziwa kuti kwathu kwalowa matenda a uve. Akuti makasitomala athawa." Anayang'ana pansi. "Musawauze ababa kuti ndabwera."

Ndinakawauza nthawi yomweyo. Ndinawapeza atangoweruka, akuvula nsapato. Anatereka madzi, anawaziziritsa pothira uku ndi uku m'mapoto awiri, anadzaza botolo la lita imodzi. Anathiramo timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi ta shuga, akusalaza pamwamba ndi mpeni, ndi theka la kasupuni ka mchere. Anakhutchumula, n'kudonthezera pang'ono padzanja kuti alawe.

"Mchere wake usapose wa misozi," anatero. "Tiye, mlongo."

Tinafika dzuwa lili pamutu, nthaka ikufuka nthunzi ya mvula ya m'mawa. Geti linali lokhoma. Asewere anatuluka okha, atavala diresi ya maluwa, makiyi ali m'manja, koma sanatsegule.

"Asewere, lero si tsiku la alendo."

"Ndamva kuti mwana sali bwino. Ndabweretsa madzi awa. Sindilowa ayi, mungomupatsa. Kasupuni kamodzi, kupuma pang'ono, kenanso."

"Madzi?" Anatembenukira amayi awiri oyandikana nawo nyumba amene anali atayamba kale kusuzumira. "Mwamva? Mwana akutaya madzi, iwo akubweretsa madzi. Asewere, denga likamadontha mumakwera pamwamba ndi ndowa n'kukathirapo ena? Ife tamuumitsa. Chiyambire m'bandakucha sanalawe dontho. Tamupatsa buledi wouma ndi mapiritsi otseka m'mimba. Ndipo zikuthandiza. Kulira konse kuja wasiya, panopa wangogona phee."

Achimwene anasendera pafupi ndi geti.

"Wakodza liti komaliza?"

"Aa! Mafunso otero pamaso pa anthu? Kuno si kuntchito kwanu."

"Asewere, ndimvereni pang'ono. Madzi akutulukawo si amene wamwa. M'matumbo muli timaselo, tili ndi tizitseko. Kachilomboko kaledzeretsa mlonda, chitseko cha mchere changokhala chotsegula. Ngakhale mum'mane madzi, atulukabe, achokera m'magazi ake. Koma pali chitseko china..."

Sanamalize. Asewere anawomba m'manja n'kuseka chikhakhali, amayi aja n'kuwathandiza.

"Zitseko m'mimba! Ndi alonda omwe! Nanga mawindo mulibe? Makatani ndikugulitseni ine. Abale inu, fungo la ndowa likamukwera munthu kumutu zimatero."

Pamenepo achimwene, munthu wa imvi, anagwada m'matope a pageti, botolo atalikweza ndi manja awiri kudzera m'mipata ya zitsulo. Anapempha mwa dzina la Mulungu. Anati ngati vuto ndi manja awo, atereke okha madzi m'nyumbamo, shuga ali naye, mchere ali nawo, iwo angowauza muyeso ali panja pomwepo. Asewere anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola kajumbo ka pulasitiki, anavala kudzanja, analandira botololo, analitsegula, n'kukhuthulira mumphika wa maluwa, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza.

"Ndalera ana asanu, onse ali moyo. Inu munalera mmodzi, mkazi anakuferani m'manja. Mundiphunzitsa chiyani?"

Mwana wa achimwene anali atatulukira pakhonde, Katimba ali paphewa. Mutu wa mwanayo unali lende, maso atalowa m'kati ngati a nkhalamba. Atamva mawu a agogo ake anayesa kudzuka. Kukamwa kunatseguka ngati akulira, koma misozi panalibe. Ndinamva ndi makutu angawa, mawu ake atasasa ngati a munthu wamkulu:

"Agogo, madzi."

"Mwanawe!" anakuwa achimwene. "Tsina khungu la pamimba pake, ulisiye. Likabwerera msanga, ine ndipita kwathu. Likaima, thamanga naye pompano!"

Anatsina. Tonse tinaona. Khungulo linaima njo, ngati nsalu yopindidwa. Mwana wa achimwene anayang'ana mwamuna wake, amene anali ataima pachitseko atavala tayi, atabwera kudzadya nkhomaliro.

"Amayi akudziwa zimene akuchita," anatero mkamwiniyo, osakweza maso. "Lowani naye m'nyumba, kunja kuno kuli mphepo."

Ndipo analowa naye.

Achimwene anabwerera kunyumba chothamanga, munthu amene sindinamuonepo akuthamanga chikulire. Anakonza botolo lina. Analilowetsa pansi pa geti n'kulikankhira kuseri kwa mphika wa maluwa, poti mwina mwana wawo aliona. Kenako tinakhala pamwala tsidya la msewu. Mvula inabwera, inatinyowetsa, inapita. Nthawi ina tinayang'ana, botolo lija palibe. Achimwene anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo nkhope yawo inawala pang'ono.

Dzuwa litapendeka, ana asukulu akubwerera kwawo, m'nyumbamo munabuka mfuu.

Womwalira ndi nthenda imeneyo sasambitsidwa ndi abale. Amabwera ndi anthu a kuwodi, kudzapopera nyumba ndi kukulunga thupi. M'mawa mwake galimoto ya chipatala inaima pageti ndi amuna atatu, wachitatu anali achimwene. Mkulu wawo anali atawauza kuti apume, apita ena. Iwo anayankha kuti, "Amugwire ndani wina?"

Geti linatsegulidwa mbali zonse ziwiri. Achimwene analowa atavala majombo, epuloni yapulasitiki ndi magolovesi ofika m'zigongono. Anadutsa kampando kawo, anadutsa kapu ya pamsomali, anakwera pakhonde, anthu akupatuka atagwira mphuno ndi nsalu. Umo ndi mmene analowera koyamba m'nyumba ya mwana wawo.

Zimene anaona m'menemo anandiuza patapita nthawi yaitali, tsiku lina tikusenda mbatata. M'nyumbamo munali mozizira bwino. Pabalaza panali chithunzi chachikulu cha ukwati, chodulidwa mbali imene iwo anaima, phewa lawo lotsika lija lokha n'kutsalako. Kuchipinda, jagi ya madzi inali pamwamba pa kabati ya zovala, ndipo pansi pake panali kampando kakang'ono kamene Katimba anakokerapo m'mawa wa tsiku lija, akadali ndi mphamvu, kuti aifikire. Kukhitchini, chitini cha shuga ndi chitini cha mchere zinali pashelefu imodzi, zitagundana. Botolo lija analipeza pansi pa bedi. Linali litatsika pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chala. Mayi wa mwanayo analitola mobisa, nadikira mpaka apongozi ake atapita kukasamba, koma pofika nthawi imeneyo mwanayo sankathanso kumeza.

Mwanayo ankapepuka ngati mtolo wa udzu, anatero achimwene.

Akutuluka naye, asewere anaona botolo lija m'manja mwa mnzawo wa achimwene. Anakuwa kuti msewu wonse umve.

"Onani! Ndi ichi chamupha! Mwana anali atasiya kulira, anali akuchira, iwo n'kumumwetsa madzi a kundowa mobisa! Matendawo anabwera nawo ndani m'nyumba muno? Si amene ankamunyamula pageti?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Mwana wa achimwene anali atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula. Anawayang'ana bambo ake, nafunsa ndi mawu aang'ono, a kale ali kasungwana:

"Ababa, n'zoona? Ndi madzi aja?"

Achimwene akanatha kumuuza zoona zonse, kuti madziwo sanalakwe, chinalakwa ndi nthawi. Koma anadziwa kuti akatero amusenzetsa mwala wa moyo wake wonse, wa masana aja pamene khungu linaima iye n'kulowa m'nyumba. Anangoti, "Si iwe, mwana wanga." Iye anamva ngati akuvomera kuti ndi iwowo. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pawo.

Patapita masiku atatu, asewere nawonso anagwa. Iwo ndi amene ankachapa nsalu za mwana ndi manja, pokana kuti wantchito aone. Mwana wawo, mkamwini uja, sanafunse za manyazi kapena za makasitomala, anawakweza m'galimoto nthawi yomweyo. Anawagoneka pabedi lobooka, lachiwiri kuchokera kuchitseko, ndipo ndowa ya pansi pake inali ya achimwene.

Ndinawauza achimwene kuti apemphe kusinthana ndi mnzawo. Ndinawauza zinanso zimene sindingazibwereze pano, Mulungu andikhululukire. Iwo anangovala majombo awo.

Masiku atatu anayang'ana mizere, kukhuthula, kutsuka, kubwezera. Anamwino atachotsa diripi, achimwene anakhala pambali pa bedi, dzanja kunkhongo kwa asewere, lina pakapu. Mayiyo ankamwa mwaphuphu, atagwira dzanja long'aluka lija ndi manja ake onse awiri kuti lisachoke, akupempha ena. Za mkwati ndi mkwatibwi achimwene sananene. Sanazinenenso kwa wina aliyense, ngakhale za tizitseko, pa zaka khumi ndi chimodzi zimene anagwirabe ntchito m'wodimo. Ankangoti, "Imwani."

Asewere anachira. Anatuluka Loweruka, atatsamira mwana wawo, osacheuka. Kusitolo ankauza makasitomala kuti anadwala malungo a m'mimba, ndipo anawachiritsa ndi madokotala ndi mapemphero. Za mdzukulu ankanenabe zomwe zija, mpaka imfa yawo, ali nkhalamba yokhuta masiku.

Madzulo a Loweruka limenelo achimwene anabwera kwanga. Anakhala pakhonde, manja ali pamawondo, akununkhira klorini monga mwa masiku onse. Ndinawapatsa madzi m'kapu yanga yabwino, ya maluwa abuluu. Anaigwira nthawi yaitali osamwa, akuiyeza ndi maso.

"Makapu makumi asanu ndi limodzi, kudza anayi," anatero. "Ndi amene ndawamwetsa asewere."

Anatembenuza kapuyo m'manja.

"Katimba akanangofunika khumi ndi awiri, mlongo. Ndawerengera kangapo. Khumi ndi awiri basi."